Zala za Amama Pakhoma

Chikomeni, 14 Juni 1997

Adumbu Haswell,

Kuno kwacha ndi mphepo yozizila, nkhungu ikadali kudambo. Ndikulemba m'mawa uno nditakhala padzuwa kuseli kwa nkhokwe chifukwa zala zinauma. Monile. Muli uli ku Lusaka pamodzi ndi alamu a Mainess? Ife tili makola. Chimanga takolola, nshawa tikuyanika. aNkhazi Petronella, alongo awo a atate, akudandaula bondo, koma kutchalitchi sajomba.

Mafunso amene munandisiyila pa Isitala, tsiku lija munabwela kudzajambula khoma la amama, ndayankha mmene ndikudziwila. Mukhululuke kalembedwe, sukulu yanga mukuidziwa, inathela mu giledi seveni.

Mwafunsa za dothi. Lofiila amama ankakumba pachulu cha kumunda wa fodya. Loyela lili kudambo, pansi pa lakuda, umakumba mpaka mkono kulowa kufika pachigongono. Lachikasu ankatenga kumtsinje pamene gombe linagumuka. Akafuna lakuda bii, ankasinja makala a zitsononkho n'kusakaniza. Dothi sulipaka tsiku limene waviika. Limayamba lagona m'madzi kuti lifewe, apo ayi limang'aluka.

Bulashi sankagwilitsa. Ankajambula ndi zala zitatu zapakatizi. Mukayandikila khoma mumaona tinjila ta zalazo, ndipo chala chawo chopindika chija, chimene chinapweteka ndi mpini wa khasu ali mtsikana, chinkasiya mzele wokhota pang'ono paliponse. Zapansi zija ankati mapazi a nkhanga. Zoyenda mokhotakhota kuzungulila chitseko ankati njila ya linthumbu. Zapamwamba pafupi ndi denga sindidziwa dzina lake, anazijambula akudwala kale ndipo sindinafunse.

Mwafunsanso chifukwa chake khomalo lazilala. Inu munachoka kuno muli wamng'ono, mwina mwaiwala. Mkazi aliyense amazila nyumba yake chaka ndi chaka akatha kukolola, zojambula zakale zimakwililika, n'kujambula zina. Makoma enawo ndimazila. La kukhonde lija sindinaligwile chimwalilile amama mu 1995, chifukwa ndi ntchito yawo yomaliza. aNkhazi anati lisiyidwe mpaka lidzagwe lokha, ine ndinavomela ndi mtima wonse.

Mukapeza munthu wobwela kuno, mutitumizileko mankhwala opaka pabondo.

Ndine mdumbu wanu,
Tryphena


Lusaka, 20 Julayi 1997

Wokondedwa mlongo wanga Tryphena,

Ndili bwino, alamu ako akupeleka moni. Mankhwala ndapatsa kondakitala wa basi, ukafunse pasiteshoni. Mayankho ako andithandiza kwambili, moti zina sindinasinthe ngakhale liwu.

Ndikufotokozele bwino chimene ndikuchita, chifukwa pa Isitala unangomwetulila osafunsa, monga mwa chikhalidwe chako. Kuli magazini ina ya kunja imene imalemba za mbili ya zojambulajambula. Siisindikizidwa papepala. Imakhala m'makompyuta, imayenda pa waya wa lamya, amati intaneti. Munthu wa ku Canada kapena ku Japan akhoza kuitsegula tsiku lomwelo. Kulaibulale kumene ndimagwila ntchito tili ndi kompyuta imodzi yotele. Ndalemba nkhani ya khoma la amama, alamu ako anaitaipa ku ofesi kwawo, ndipo ndinatumiza. Ikatuluka, dzina langa lidzalemela pofunsila malo a maphunzilo kunja, ndipo dzina la amama athu aNyaMtonga lidzawelengedwa dziko lonse. Taganiza, amama amene sanafikeko n'ku Chipata komwe!

Koma pali vuto. Anthu amenewa ali ndi malamulo ngati achipatala. Nkhani isatalike kupitilila muyezo wawo, chilichonse ndinene kumene ndachitenga, zithunzi zikhale zowala. Mkonzi wayankha kuti asanapeleke nkhaniyi kwa akatswili awili oiunika, ndipezenso zithunzi zina, chifukwa zanga zija pakompyuta zikungooneka ngati phulusa.

Ndiye chita izi. Viika dothi la mitundu yonse, udutsitse pamwamba pa mizele ya amama, ndendende mmene ilili, kuti mitundu idzuke. Dzanja lako ndi lawo n'limodzi. Ukatha uitane Eston, wojambula zithunzi wa pamsika wa Lundazi, ndamulembela kale. aNkhazi usawauze, angotichedwetsa ndi misozi.

Ndine mlongo wako,
Haswell


Chikomeni, 3 Ogasiti 1997

Adumbu,

Monile. Mankhwala afika, aNkhazi akuti yewo, akuti Chiuta akusungeni.

Kalata yanu ndawelenga kangapo. Ndakondwa kuti dzina la amama lidzamveka kutali. Koma adumbu, dothi lonyowa likagwela pa louma limadzaza tinjila tonse. Mizele ndikhoza kutsata, koma zala zidzakhala zanga. Chala chopindika chija ine ndilibe.

Kodi simungabwelenso ndi kamela yanu? Pa Isitala munajambula masana, khonde litachita mthunzi. M'mawa dzuwa likangotuluka limalowa pansi pa denga, mitundu imaoneka bwino ndithu. Kapena Eston abwele m'mawa ajambule khoma mmene lilili. Sindikukana. Ndikungopempha tiyambe tayesa zimenezo.

Tryphena


Lusaka, 25 Ogasiti 1997

Tryphena,

Kalata yako yachedwa panjila, ndipo nthawi yatha. Mkonzi akufuna zithunzi mwezi wa Sepitembala usanathe, apo ayi nkhani yanga idzadikila chaka china, malo a sukulu aja n'kupita kwa wina. Tchuthi sandipatsa. Za dzuwa la m'mawa usandiphunzitse, kamela ndimaidziwa. Khomalo linafa mitundu, basi.

Zala ndi zala, mlongo wanga. Azungu aja sadzawelenga zala. Khoma limenelo chiswe chikulidya kale, tsiku lina lidzagwa, ndiye udzatsala ndi chiyani? M'kompyuta mulibe chiswe kapena mvula. Ukamanyinyilika, ukukaniza amama ako chinthu chokhacho chimene tingawachitile. Ine ndine mkulu wako, ndipo ndaganiza bwino. Chita sabata ino.

Haswell


Chikomeni, 14 Sepitembala 1997

Adumbu,

Monile. Ndachita zimene munanena.

Ndinadikila tsiku limene aNkhazi anapita kumaliro ku mudzi wa kutsidya. Ndinayamba ndi mapazi a nkhanga. Mzele woyamba ndinaulakwitsa. Nditafika pachitseko ndinayesa kupinda chala changa kuti chikhote ngati cha amama, koma zinkaoneka ngati ndikuwanyoza, ndiye ndinaleka. Zapamwamba zija zopanda dzina ndinazisiyila kumapeto. Ndinaima pamtondo nthawi yaitali dothi likuuma m'manja. Kenako ndinazipakanso, chifukwa munati zonse.

Khoma likuwala tsopano. Anthu odutsa akuti n'lokongola. Eston anabwela panjinga, anajambula, anadya nshawa, akuti zithunzi atumiza yekha. Anandifunsa kuti, "Asisi, chikwati chili liti, mwakongoletsa chonchi?"

aNkhazi atabwelako anaima pabwalo, mtolo wawo uli pamutu. Anayang'ana khoma, anayang'ana ine. Anati, "Wachita ndiwe?" Ndinati inde. Anati, "Wakutuma ndani?" Ndinangoyang'ana pansi, chifukwa munati ndisawauze. Anapita pakhoma, anayendetsa chikhatho pamenepo ngati akufuna chinthu chotayika, kenako anati, "Wamuikanso m'manda kachiwili mlamu wanga." Kuyambila tsiku limenelo amandiyankha moni basi. Madzi ndikawatungila amalandila, koma sandiyang'ana.

Ndikupilila chifukwa ndikudziwa kuti nkhani ikatuluka adzamva chifukwa chake, ndipo inu mudzawafotokozela. Mundiuze zikayenda.

Mdumbu wanu,
Tryphena


Chikomeni, 11 Januwale 1998

Adumbu,

Monile, chaka chabwino. Mvula ikugwa bwino, tili pa kupalila. Pa Khisimasi tinakuyembekezelani, aNkhazi anasunga tambala mpaka tsiku lachiwili. Chikulembeleni kalata ija sindinamve kanthu. Kodi zithunzi za Eston zinafika? Kodi akatswili aja anati chiyani? Ngakhale mizele iwili mundilembeleko. Kuno zinthu zikadali momwe zija.

Tryphena


Lusaka, 16 Malichi 1998

Mlongo wanga,

Pepa chifukwa cha chete, ntchito inachuluka. Nkhani yabwino: yatuluka! Akatswili aja anaibweza kawili. Wina anafuna ndiwonjezele za mitundu ya dothi, wina anafuna ndichotse zina. Sadziwika maina, amangolemba maganizo awo, iwe n'kumakonza. Koma pomaliza anavomela. Zinapezeka kuti anakonda kwambili zithunzi zakale zija, mkonzi anaziwalitsa yekha ndi makina awo. Za Eston anatengapo chimodzi.

Ndasindikiza masamba ake pamakina athu, ndi awa ndaika muno. Uone dzina la amama pamwambapo. Uwasunge pabwino kuti asanyowe. Usavutike kufuna wokuwelengela, Chizungu chake n'cha akatswili, ngakhale aphunzitsi a kumeneko chingawazunguze mutu. Ingoona zithunzi.

Moni kwa aNkhazi.

Haswell


Chikomeni, 6 Epulo 1998

Adumbu,

Masamba aja anafika. Sindinamvele zimene munanena, mundikhululukile. Ndinaganiza kuti tsiku limene ndinkadikila lafika. Ndinawaonetsa aNkhazi, ndipo kwa nthawi yoyamba kuyambila Sepitembala anandigwila paphewa. Iwo ndi amene anaitana amayi a Umanyano, gulu la amayi la kutchalitchi lija, kuti dzulo tikatuluka m'tchalitchi abwele kwathu adzamve. Anapemphanso a Danwell Ngulube, aphunzitsi aakulu a pasukulu yathu, kuti atimasulile.

Tinayala mphasa pakhonde lomwelo. A Ngulube anavala magalasi, anayang'ana tsamba loyamba, anati, "Amayi, Chizungu ichi chavala jekete ndi tayi, mundipatse madzi kaye." Anthu anaseka. Atatchula dzina la aNyaMtonga, amayi analuluta. Wina anati, "Khonde lomweli limene nkhuku zimagonapo lafika ku Ulaya?" Wina anati, "Auzeni azunguwo abwele ajambulenso langa, ndilizila mawa!" A Ngulube anawelenga za chulu cha kumunda wa fodya, za dothi la kudambo, za chala chopindika. Anali mawu anga aja, ndinawazindikila. Koma anati wolemba anawamva kwa akazi achikulile a m'mudzi. Ndinadabwa, koma ndinati mwina ndi malamulo aja munanena.

Kenako anafika patsamba la zithunzi ziwili zoyandikana, chakale ndi cha Eston. Anawelenga chamumtima, anatsokomola, anatembenuza tsamba. aNkhazi anati, "Aphunzitsi, ilo mwalidumpha. Kuwelenga sindidziwa, koma maso ndili nawo." Iwo anati palibe chachikulu. aNkhazi anati, "Mwana wanga walemba, tiwelengeleni chonse."

A Ngulube anawelenga mokweza. Ndinawapempha pambuyo pake kuti mawuwo andilembele m'chinenelo chathu kuti ndisakunamizileni. Ndi izi: "Mwatsoka, wolemba asanabwelele kukajambula bwino, mwana wamkazi wa malemuwo, amene sanapite patali ndi sukulu ndipo sadziwa kanthu za kufunika kwa ntchitoyi, anapaka dothi latsopano pakhoma lonse. Umu ndi mmene chuma cha m'midzi chikutayikila."

Mayi wina anati, "Ana a masiku ano." aNkhazi anatembenuka, anati, "Wamva? Ine ndinakubisila manyazi ako m'nyumba. Tsopano dziko lonse ladziwa." Amayi anayamba kunyamuka mmodzimmodzi, tiyi osamwa. Ine ndinatola makapu.

Adumbu, sindinanene kuti munandituma ndinu. Mpaka pano sindinanene. Ndikuti mwina mkonzi ndi amene anaika mawuwo inu osadziwa. A Ngulube akuti za m'kompyuta zimafufutika, munthu akhoza kuchotsa mzele n'kulemba wina, sizili ngati khoma. Ngati n'zoona, auzeni akonze. Ndipo mulembele aNkhazi, muwauze amene anandituma. Ndikupempha zimenezi basi.

Tryphena


Lusaka, 10 Meyi 1998

Alamu a Tryphena,

Ndine Mainess. Adumbu anu sakudziwa kuti ndikulemba. Kalata yanu ndinaipeza m'thumba la malaya pochapa, ndipo sindinagone bwino.

Mawu aja sanaike mkonzi. Ndinawataipa ndine, adumbu anu ataima kumbuyo kwanga. Akatswili aja ataona chithunzi cha Eston anakalipa, anafunsa kuti wapaka khomalo ndani, chifukwa kwa iwo wofufuza akasintha chinthu chimene akufufuza, nkhani yake amaitaya ndipo samukhulupililanso. Adumbu anu anayendayenda m'chipinda, kenako anandiuza zolemba. Ndinati, "Nanga Tryphena?" Anati, "Kumudzi kulibe kompyuta." Masamba aja anatumiza chifukwa cha kunyada, sanaganize kuti mudzasonkhanitsa anthu.

Si munthu woipa, alamu. Ali ndi mantha. Malo a sukulu aja ayandikila kutheka, ndipo ine ndili ndi pakati. Ndikutumizilani chitenje ndi sopo, osati kuti ndikutsekeni pakamwa, koma sindikudziwa china chochita. Musatchule dzina langa.

Mlamu wanu,
Mainess


Lusaka, 18 Juni 1998

Mlongo wanga Tryphena,

Ndinakuuza kuti usafune wokuwelengela. Ukanandimvela, zonsezi sizikanachitika. A Ngulube amasulila mokokomeza, m'Chizungu mawuwo si olemela choncho. Ndiponso dzina lako mulibe, ndinalisiya dala kuti ndikuteteze.

Kukonza n'kotheka, koma akakonza amalemba pansi chifukwa chake kuti aliyense aone. Ndikatelo ndiye kuti ndadzicheka ndekha. Ganizila banja lonse. Ndikapita kunja n'kubwela ndi digili, amene adzapindule ndani? Si iwe ndi aNkhazi? Ndidzakumangilani nyumba ya njelwa ndi malata. aNkhazi adzaiwala, anthu aakulu amatelo. Zowalembela tisiye kaye, ndidzalankhula nawo ndekha nthawi yake ikakwana.

Tsopano imva zabwino. Mkonzi akuti nkhani yanga yawelengedwa ndi ambili, ndipo akufuna yachiwili, yofotokoza kasakanizidwe ka dothi ndi mmene amayi amaphunzitsila ana awo aakazi. Akuifuna Ogasiti asanathe. Mafunso ndaika papepala lina. Uyankhe mwatsatanetsatane ngati poyamba paja, palibe wina amene amadziwa zimenezi kuposa iwe. Usachedwe.

Ndine mlongo wako wokukonda,
Haswell


Chikomeni, Julayi 1998

A Haswell,

Kalata yanu inafika. Ndinadikila masabata angapo kuti mwina ina ibwela ya aNkhazi. Siinabwele.

Dzulo titachoka kutchalitchi ndinawapeza akusenda nshawa, ndinakhala pansi, ndinawauza. Simukudziwa mmene zinandivutila kutsegula pakamwa. Ndinati, "aNkhazi, khoma lija anandituma ndi adumbu." Anasiya kusenda. Anati, "Haswell? Munthu amene wakweza dzina la amako mpaka kunja? Tsopano wayamba ndi bodza lomwe? Iwe unalakwa, vomela. Usadetse mnzako chifukwa ali kutali sangadziyankhile." Ndikanatha kuwatengela kwa a Ngulube kuti awawelengele zimene munandilembela. Sindinatelo. Atsala ndi mwana mmodzi womunyadila, ndipo amene ayenela kuwalanda ameneyo ndinu, osati ine.

Mwati dzina langa mulibe. Amama anabeleka mwana wamkazi mmodzi. Kuchigayo amandidziwa, kuchitsime amandidziwa. Sabata yatha mayi wina amene ndinkamuthandiza kuzila chaka chilichonse anaitana munthu wina. Anati, "Iwe ungatifafanizile."

Nyumba ya malata musamange chifukwa cha ine. Alamu muwasamale, mwana akabadwa mundidziwitse, ameneyo alibe mlandu.

Sindinakukanileni kanthu chibadwile. Pamene munkapita ku sekondale, ine ndinasiya sukulu kuti ndithandize amama kumunda wa fodya, ndipo sindinadandaule. Munati pakani khoma, ndinapaka. Munati usanene, sindinanene. Amama ndinawafafaniza ndi dzanja langa, zimenezo ndidzakhala nazo. Koma pepala lanu la mafunso ndalibweza muno momwe linabwelela. Munauza dziko lonse kuti sindidziwa kanthu. Munthu wosadziwa kanthu mukumufunsilanji?

Ndamaliza kulemba Lolemba, pa 13 Julayi, nthawi ya 16 awazi madzulo.

Tryphena Zgambo